Yoga yofatsa ndi yabwino kwa odwala mawondo ndi msana, koma payokha siicepetsa thupi

Ambiri a ife amene tapitirira zaka 50 tinauzidwa kale ku cipatala kuti ticepetse thupi ndiponso kuti tizicita masewera olimbitsa thupi. Malangizowa ndi abwino ndithu. Koma nanga munthu amene mawondo ake amatupa, msana umawawa, ndipo akayenda pang'ono ayamba kupuma mwa wefuwefu, ayambira pati? Kuthamanga sangathe, mpira anausiya kalekale. Ambiri amangobwerera kunyumba ndi mapiritsi awo nakhala pansi, thupi nkumapitiriza kulemera.

Maganizo anga ndi akuti munthu wotere ayambe ndi masewera ofatsa ochedwa yoga, makamaka amene acitidwa munthu atakhala pampando kapena atagwira cipupa. Koma ndinenenso poyera kuti amene akuuzani kuti yoga yokha idzasungunula mafuta a m'thupi lanu akukunamizani. Mfundo ziwirizi ziyenera kuyendera pamodzi.

Vuto ili si la azungu okha kapena la anthu olemera a ku Lusaka. Kafukufuku wochedwa STEPS, amene anacitika muno m'Zambia m'caka ca 2017, anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse ali ndi BP yokwera, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi ndi wonenepa kupitirira muyeso. Taganizirani amai amene amakhala pansi tsiku lonse akugulitsa pa msika wa Kapata ku Chipata kapena pa Soweto ku Lusaka, kapena abambo amene anapuma pa nchito ndipo tsopano amangokhala pakhonde. Zotsatira zake tiziona m'mabanja mwathu: matenda a shuga, sitiroko, ndi agogo amene agwa kamodzi kokha osadzukanso pa mphasa.

Yoga inacokera ku India ndipo ndi yakalekale. Ili ndi mitundu yambiri. Ina ndi yovuta, ya acinyamata opindika ngati mphira amene muwaona pa foni ataimirira ndi mutu. Imeneyo isiyeni. Imene ndikunena pano ndi ya kuwongola ziwalo pang'onopang'ono, kukhala kanthawi uli cikhalire kapena ciimire, ndi kupuma modekha. Mphunzitsi wina wochuka wa ku India, B.K.S. Iyengar, amene anabadwa mu 1918 namwalira mu 2014, anali mwana wodwaladwala. Anadwalapo malungo, cifuwa cacikulu ndi taifodi. Iye ndiye anachukitsa njira yogwiritsa nchito mpando, lamba, bulangete ndi zidutswa za thabwa, kuti ngakhale wofooka kapena wouma ziwalo athe kucita nawo. Kunena kwina, kugwira mpando si cinyengo ayi, ndi njira imene akatswiri eni ake anakonza.

Ubwino wake ndi wotani? Coyamba, minofu ya m'nchafu ikalimba imathandiza bondo kunyamula thupi, ndipo ululu umacepa. Caciwiri, msana wouma umayamba kumasuka. M'caka ca 2017 bungwe la madotolo a ku America lochedwa American College of Physicians linaika yoga pa mndandanda wa njira zoyenera kuyesa munthu asanathamangire mankhwala, ngati msana wakhala ukuwawa kwa nthawi yaitali. Cacitatu, munthu amaphunzira kuima molimba osadzandira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, linati munthu wamkulu azicita zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, azilimbitsa minofu masiku awiri, ndipo amene akwanitsa zaka 65 azicita zothandiza kuima molimba masiku atatu pa sabata. Linanenanso kuti kucita zocepa kuposa kusacita kanthu.

Tsopano tibwere pa nkhani ya kucepetsa thupi, cifukwa apa ndi pamene ambiri amakhumudwa. Mphamvu imene timapeza m'cakudya amaiyesa ndi makalori. Munthu wolemera makilo 80 akacita yoga yofatsa kwa ola lathunthu amaononga makalori pafupifupi 200. Botolo limodzi la cakumwa cozizira ca shuga la 500 ml lili ndi makalori pafupifupi 200 omwewo. Ndiye kuti mukatha masewera anu nkumwa botolo limodzi, mwabweza zonse zimene munaononga. Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi isunga makalori pafupifupi 7,700. Mukawerengera bwino muona kuti pafunika maola pafupifupi 40 a yoga yofatsa kuti kilo imodzi icoke. Munthu yemweyo akayenda ndawala kwa ola limodzi amaononga makalori opitirira 300.

Nanga ngati zili conco, tivutikiranji? Cifukwa cake ndi ici: yoga yofatsa imatsegula njira. Munthu amene mawondo ake ayamba kumasuka amatha kuyenda, ndipo kuyenda pamodzi ndi kusintha kadyedwe ndiko kumacepetsa thupi. Mbale ya nsima tiiyang'ane moona mtima. Amene mumadya mitanda itatu yesani iwiri, ndipo ndiwo zamasamba monga cibwabwa, lepu ndi bonongwe zicuruke. Saladi musathire ngati madzi. Masipuni a shuga mu tiyi acepe. Mcere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasipuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo umene uli kale mu kapenta ndi nsomba zouma.

Simufunika kuonda ngati mnyamata. Kucotsa makilo 5 mpaka 10 pa makilo 100 alionse kumathandiza kale BP ndi shuga. Kafukufuku wamkulu wa ku America amene zotsatira zake zinaturuka mu 2002 anaonetsa kuti anthu amene anali pafupi kudwala shuga, atasintha kadyedwe ndi kucita zolimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata, anacepetsa ngozi ya matendawa ndi 58 peresenti. Kafukufuku wina wa 2005 anapeza kuti kilo imodzi ikacoka m'thupi, katundu amene bondo limasenza pa phazi lililonse amacepa ndi makilo pafupifupi 4. Mayi wa makilo 90 akacotsa makilo 5 okha, mawondo ake adzamuthokoza.

Ndidziwa kuti pali zimene ena anganene potsutsa. Alimi adzati: ife timalima kale, masewera ena ndi a ciyani? Zoona, khasu ndi nchito yolemetsa, ndipo mlimi wa m'munda safunika kuuzidwa za thukuta. Koma kulima kumapinda thupi mbali imodzi yokha. Kuyambira Novembala mpaka kupalira kutatha, msana umakhala wowerama maola ambiri tsiku lililonse. Amai nawonso amasenza madzi ndi nkhuni pamutu, mwana ali kumbuyo. Thupi lotere lifunika kuwongoledwa. Ndiponso tikatha kukolola, ambiri timakhala miyezi ingapo osagwira nchito yolemetsa, koma kadyedwe kali komweko.

Ena adzati kunenepa ndi cizindikiro ca mtendere pa banja, ndipo ukaonda anthu ayamba kunong'ona kuti uli ndi kacirombo. Mantha awa ndi enieni, cifukwa tonse tikumbukira zaka zimene tinaika abale athu ambiri m'manda. Koma kodi tilole miseche ya anthu kutipatsa sitiroko? Amene akunong'onani lero sadzabwera kudzakutembenuzani pa mphasa mawa. Ndipo ife amene timakonda kuyankhula za matupi a anzathu tileke, pakuti tikuwaopseza kucita cinthu cowapulumutsa.

Funso lalikulu kwa akhristu ndi lakuti: kodi yoga si cipembedzo ca Ahindu? Funsoli ndi loyenera ndipo sitiyenera kuliseka. Mizu ya yoga ilidi m'zipembedzo za ku India, ndipo kwa ambiri kumeneko ndi njira ya uzimu. Mpingo wa Katolika unalankhulapo. Pa 15 Okutobala 1989, Kadinala Joseph Ratzinger, amene pambuyo pake anakhala Papa Benedict XVI, anasaina kalata yopita kwa maepiskopi yonena za kusinkhasinkha kwa cikhristu. Kalatayo inafotokoza kuti njira zocokera ku zipembedzo zina sitingazikane cabe cifukwa cakuti si zacikhristu, ndipo tingatengemo zothandiza malinga ngati tanthauzo la pemphero la cikhristu silikusokonezeka. Inacenjezanso kuti mtendere umene munthu amamva m'thupi akacita masewera otere asauyese cisangalatso cocokera kwa Mzimu Woyera.

Malire ake ndi omveka. Kuwongola msana ndi kuwongola msana basi. Si pemphero, ndipo sikulowa m'malo mwa Misa kapena Korona. Ngati mphunzitsi wina akuuzani kuti muimbe mau amene simudziwa tanthauzo lake, kapena kuti muitane mizimu kaya milungu, muli ndi ufulu wonse wokana ndi kucoka. Ngati mtima wanu ukukayikabe, kambiranani ndi abambo mfumu a pa parishi yanu. Amene dzina lakuti yoga liwavuta angaliche kuwongola thupi, cifukwa bondo silidziwa dzina.

Poyamba pitani ku kiliniki mukapimitse BP ndi shuga, ndipo muwauze anesi zimene mufuna kucita. Kenaka pezani mpando wolimba wopanda matayala, muutsamize ku cipupa. Khalani mowongoka, mapazi onse pansi. Kokani mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono, ndi kuuturutsa pang'onopang'ono, kasanu. Zungulizani mapewa kumbuyo kakhumi. Ikani manja pa mawondo, turutsani cifuwa kutsogolo pokoka mpweya, ndipo pindani msana pang'ono pouturutsa, kasanu ndi kamodzi. Wongolani mwendo umodzi, muwerenge kufika 5, muutsitse, musinthe mwendo. Imirirani kucoka pampando ndi kukhalanso mosadziponya, kasanu, ndipo ngati ndi kovuta dzithandizeni ndi manja. Pomaliza gwirani cipupa, nyamulani phazi limodzi pang'ono, muwerenge kufika 10, musinthe. Zonsezi zitenga mphindi 10 kapena 15. Citani masiku atatu pa sabata, ndipo pakatha masabata awiri onjezani kuyenda kwa mphindi 10. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Pali zofunika kusamala. Kumva kukokeka m'minofu ndi kwabwino, koma ululu wobaya ndi cizindikiro cakuti muleke. Amene muli ndi BP musagwire mpweya m'cifuwa ndipo musazondotse mutu pansi. Cimodzimodzi amene muli ndi matenda a maso ochedwa glaucoma. Amai acikulire amene mafupa awo ndi ofooka asawerame kwambiri kutsogolo kapena kupotokola msana mwamphamvu. Amai apakati ndi amene anacitidwa opareshoni posacedwa afunse kaye ku cipatala. Odwala shuga amene amamwa mankhwala kapena kudzibaya insulin asacite masewera ali ndi njala. Bondo likatupa ndi kutentha, mwendo ukacita dzanzi, mkodzo ukayamba kuturuka wokha, kapena mukamva kuwawa m'cifuwa ndi cizungulire, siyani zonse mupite kwa dotolo. Koposa zonse, musaleke mankhwala anu a BP kapena a shuga cifukwa cakuti mwayamba kumva bwino. Ndiponso cenjerani ndi ogulitsa tiyi ndi timapiritsi tonena kuti muonda m'masiku 7. Cimene cimacepa msanga ndi ndalama zanu.

Pempho langa lipita kwa atsogoleri a m'maparishi, a timagulu tathu tating'ono ta akhristu, ndi a makopaletivu a alimi. Mabenchi tili nawo, maholo tili nawo, ndipo m'mipingo yambiri muli anesi, ena opuma pa nchito, amene angatitsogolere bwino. Msonkhano ukatha, tipatule mphindi 15 kuti acikulire awongole matupi pamodzi, amai ndi zitenje zawo, abambo ndi zovala zawo za masiku onse. Palibe cogula. Munthu payekha amagwa ulesi pakatha sabata imodzi, koma pagulu amalimbikira cifukwa anzake amufunsa akajomba.

Timayendera odwala, timasonkha ndalama za maliro, ndipo izi ndi nchito zabwino zacifundo. Kuthandiza mbale wathu kuti asadwale msanga ndi cifundo comweco. Agogo amene atha kudzuka okha pampando, kupita okha ku dimba ndi kuyenda okha ku chalichi ndi dalitso pa banja lonse. Tiyeni tiyambe sabata ino, ndi mpando umene tili nawo.