Musafulumire Kugumula Khoma Lapakati

Mvula ikangotha, soya ndi mtedza zikagulitsidwa, m'makomo mwambiri mumayamba kuoneka milu ya mchenga ndi njerwa. Ino ndi nyengo yokonza nyumba. Ena akuwonjezera chipinda poti ana akula, ena akuchotsa denga laudzu kuti akhome malata, ndipo m'tauni ambiri akufuna kuti nyumba yakale ifanane ndi zija timaziona pa Facebook ndi m'mafilimu a ku South Africa. Palibe cholakwika pamenepo. Nyumba yosamalika imakondweretsa mtima, ndipo Sabata likamalowa pakhomo potero ngakhale nyimbo zimakoma. Koma ife amene timayendera mabanja pa ntchito ya zaumoyo taona kuti ndalama zambiri zikuthera pa zimene mlendo amaona akangolowa, pamene mpweya umene mwana amapuma usiku wonse m'nyumba momwemo palibe akuuwerengera.

Tiyambe ndi fasho imene yatenga malo masiku ano, yogumula khoma la pakati pa khitchini ndi pabalaza kuti pakhale chipinda chimodzi chachikulu. Pa chithunzi zimaoneka bwino kwambiri. Mayi akuphika uku akucheza ndi alendo, ana akulemba za kusukulu pa tebulo pomwepo. Chimene chithunzi sichinena n'chakuti nyumba zoterezi anazilinganiza anthu ophikira magetsi kapena gasi, okhala ndi makina pamwamba pa chitofu okokera utsi ndi nthunzi kunja. Kwathu kuno magetsi akazima, kapena mayunitsi akatha pakati pa mwezi, mbaula imalowa m'nyumba. Khoma lija ndi limene linkatchinga utsi kuti usafike pamene agogo akhala ndi pamene khanda lagonekedwa. Mukaligumula, nyumba yonse yasanduka khitchini.

Utsi wa nkhuni timaudziwa chifukwa umaswa m'maso ndi kutsokomoletsa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limawerengera kuti anthu pafupifupi 3 miliyoni amamwalira chaka chilichonse ndi matenda obwera chifukwa cha utsi wa m'nyumba, ndipo pakati pawo pali ana ambiri aang'ono ofa ndi chibayo. Makala ndi oopsa mwanjira ina. Akayaka n'kufiira timati utsi watha, komatu apo akutulutsabe mpweya wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. Mpweya umenewu ukalowa m'magazi umakakamira pamalo pamene panayenera kukhala mpweya wabwino, ndipo umagwira mwamphamvu kuposa mpweya wabwinowo kopitirira ka 200. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Akakhala kuti ali m'tulo, amangopitirira osadzuka. M'miyezi ya June ndi July, kukazizira ku Dedza, ku Mzuzu kapena ku Thyolo, ndi pamene timamva za mabanja amene anagona ndi mbaula m'chipinda chotseka. Mukapeza munthu wotero, tsegulani zitseko ndi mazenera onse, mumutulutsire panja, ndipo muthamangire naye kuchipatala ngakhale ataoneka kuti watsitsimuka.

Ndiye titani ngati mtima uli pa chipinda chachikulu chija? Maganizo athu ndi awa. Musanakhudze khoma, mangani kaye malo ophikira makala ndi nkhuni panja, kaya ndi kakhitchini kapadera kapena khonde lakuseri lofoleredwa koma lotseguka mbali ziwiri. Mbaula zadothi za Chitetezo, zimene amayi amaumba m'maboma ambiri, zimadya nkhuni zochepa, koma nazonso malo ake ndi panja kapena podutsa mphepo. Khitchini ya m'nyumba ikhale ya magetsi kapena gasi basi. Ndipo m'malo mogumula khoma lonse, ambiri angakhutire ndi kuboola chiwindo chachikulu chopatsirana mbale, chokhala ndi chotsekera. Kucheza kumatheka, kuwala kumadutsa, koma tsiku lokazinga anyezi mumatseka. Ogwiritsa ntchito gasi akumbukire kuti gasi ndi wolemera kuposa mpweya wamba, choncho akamadontha amakhala pansi. Kabati imene mwabisamo silinda ikhale ndi ziboo m'munsi, ndipo ndi bwino koposa silindayo ikakhala panja, paipi yokha n'kulowa m'nyumba.

Palinso nkhani ya khoma lenilenilo. Makoma ena a m'kati amangogawa zipinda, koma ena anasenza mitengo ya denga. Mmisiri wofuna ntchito adzakuuzani kuti palibe vuto. Muuzeni akwere kaye m'denga, aone pamene mitengo yatsamira, akufotokozereni lintala imene aikepo ndi zitsulo zake. Akamayankha mozemba, funsani wina. Ifeyo tingasankhe kukhala ndi pabalaza popanikiza kusiyana ndi kumagona tikumvetsera denga mphepo ya mkuntho ikamawomba.

Tsopano mazenera. Nyumba zambiri zimene timalowamo zili ndi zenera lalikulu lokongola pabalaza, loyang'ana kumsewu, koma zipinda zogona zili ndi kabowo kongokwana mutu wa munthu, nthawi zina kotsekedwa ndi katoni kapena njerwa chifukwa choopa akuba. Mantha a akuba ndi oona, sitikuwapeputsa. Koma yankho lake ndi zitsulo zolimba pazenera, osati kuchotsa zenera. Amisiri ophunzira ali ndi muyezo wosavuta kukumbukira: kukula kwa zenera kufike gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa pansi pa chipinda, ndipo theka la zeneralo lizitseguka. Chipinda cha mamita 3 mbali zonse chimafuna zenera lapafupifupi mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Kayezeni la kuchipinda kwa ana anu.

Zenera limodzi palokha silitulutsa mpweya bwino. Mphepo imafuna polowera ndi potulukira. Ngati chipinda chili pakona, boolani mazenera pa makoma awiri. Ngati sichili pakona, ikani njerwa za ziboo pamwamba pa chitseko ndi pamwamba pa zenera, chifukwa mpweya wotentha umakwera m'mwamba n'kufuna potulukira. Taona nyumba zingapo zimene pokonzanso amisiri anamata ziboo zimenezi ndi simenti ati kuti khoma lioneke losalala ngati la m'chithunzi. Zimenezo ndi kutseka mphuno za nyumba. Majeremusi a chifuwa chachikulu amayandama mu mpweya wa m'chipinda chotseka kwa maola angapo wodwala atatsokomola, ndipo chimene chimawachotsa ndi mphepo yodutsa pamodzi ndi dzuwa.

Izi si zachilendo kwa ife a Adventist. Mayi Ellen White, m'buku la The Ministry of Healing limene linatuluka mu 1905, analangiza kuti pomanga nyumba tiganizire za dzuwa ndi mphepo m'chipinda chilichonse, makamaka chogona, ndiponso kuti nyumba isamangidwe pamalo a chinyontho. Timaphunzitsa za mpweya wabwino ndi kuwala kwa dzuwa pa misonkhano yathu ya zaumoyo, kenako n'kupita kunyumba kukapachika makatani okhuthala awiriawiri amene satsegulidwa chaka chonse poopa kuti sofa ingasuluke. Sofa imagulidwanso.

Pano pali povuta pamene tiyenera kunena chilungamo. Udzudzu wofalitsa malungo umakonda kulowera pa mpata wa pakati pa khoma ndi denga, chifukwa umatsata fungo la anthu ogona limene limatulukira pamenepo. Kutseka mpata umenewu kumachepetsa udzudzu m'nyumba. Koma mukangotseka osachita china, nyumba ya malata imasanduka uvuni, anthu n'kuyamba kugona pakhonde kapena kukankhira masikito kumbali chifukwa cha kutentha, malungo aja n'kuwapeza komweko. Ziwirizi ziyendere limodzi: tsekani mpata wa kudenga, kulitsani mazenera, ndipo pa zenera lililonse ndi pa njerwa za ziboo mukhomepo waya wasefa.  Masikito asachoke pabedi ngakhale mwachita zonsezi.

Kutentha kwa malata kumachepa ndi siling'i, ndiponso ndi mtundu wa denga. Malata akuda ndi abuluu wakuda amene ali m'fasho amamwa dzuwa kwambiri, pamene oyera kapena owala amalibweza. Kwa okhala ku Nsanje, ku Chikwawa, ku Salima kapena ku Karonga, imeneyi si nkhani ya kukongola chabe. Poika siling'i siyani potulukira mpweya kumapeto kwa denga, koma potchinga ndi waya, apo ayi mwamangira mileme nyumba, ndipo fungo la zitosi zake lidzakutulutsani m'chipinda.

Chinyontho nacho chimabisidwa kawirikawiri m'malo mochizidwa. Mukaona penti ikufutukuka m'munsi mwa khoma, pakutuluka zoyera ngati mchere, kapena kuseri kwa kabati kwada ndi nguwi, dziwani kuti khoma likumwa madzi. Ambiri amathamangira kumatapo matailosi kapena kupaka penti yamafuta. Madziwo sachoka, amangokwera n'kukatulukira pamwamba pa matailosiwo, ndipo mwana wa mphumu amapitiriza kubanika usiku. M'buku la Levitiko mutu 14 muli malangizo a nyumba imene pakhoma pake paoneka nthenda. Wansembe ankapita kukaona, miyala yogwidwayo inkachotsedwa, khoma linkapalidwa, zopalidwazo n'kukatayidwa kunja kwa mudzi, kenako n'kumatanso mwatsopano. Sankapaka pamwamba. Ifenso tiyambe ndi kumene madzi akuchokera. Kawirikawiri ndi madzi a padenga ogwera m'tsinde mwa khoma, dothi la panja limene lakwera kufika pa msinkhu wa pansi pa nyumba, paipi yodontha, kapena maluwa obzalidwa mogundana ndi khoma amene amathiriridwa m'mawa uliwonse. Ikani ngalande, wakani kakhonde ka simenti kotsetsereka kuzungulira nyumba, sunthani maluwa. Amene akuwonjezera chipinda chatsopano asalole mmisiri kudumpha pulasitiki yakuda ija yoyala pamwamba pa maziko. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anationetsa zimene madzi amachita ndi makoma, ndipo si nyumba za m'mphepete mwa phiri la Soche zokha zimene zinagwa. Zina zinangonyowa m'munsi kwa masiku angapo n'kukhala pansi.

Pa ntchito yeniyeniyo pali fumbi la mitundu iwiri loyenera kuliopa. Nyumba zina zakale, makamaka zimene zinali za boma kapena za makampani, zili ndi denga kapena siling'i ya asbestos. Ikakhala yosasweka sivuta kwenikweni, koma ikamadulidwa, kuboola kapena kuswedwa imatulutsa timaulusi tosaoneka timene timakhazikika m'mapapo n'kudzayambitsa khansa patapita zaka zambiri. Isadulidwe ndi makina, inyowetsedwe pochotsa, ichoke yathunthu, ndipo zidutswa zake ana asaseweretse. Fumbi lachiwiri ndi la penti yakale yamafuta, ya pa zitseko ndi mafelemu a mazenera, imene ikhoza kukhala ndi mtovu. Mtovu umawononga ubongo wa mwana wamng'ono ndipo zowonongekazo sizibwerera. Popala penti yotere nyowetsani kaye, kolopani m'malo mosesa, ndipo ana ndi amayi oyembekezera akakhale kwa achibale mpaka ntchito itatha. Chipinda chopakidwa kumene chikhale chotsegula masiku angapo munthu asanagonemo.

Za mitundu ya penti sitichulukitsa mawu, poti aliyense ali ndi diso lake. Tingonena kuti makoma otuwa ndi akuda amene afala masiku ano amafuna magetsi ngakhale masana, pamene khoma loyera kapena lachikasu chowala limabweza kuwala n'kukulitsa chipinda. Laimu wathu wakale uja musamunyoze. Ndi wotchipa, amalola khoma kuuma, ndipo nguwi sizimera msanga pa iye.

Matailosi ndi abwino, amakolopeka mosavuta kuposa kapeti imene imasunga fumbi. Koma onyezimira ngati galasi aja akanyowa amaterera koopsa. Kubafa, kukhitchini ndi pakhonde ikani okhakhala. Ngati m'nyumba muli agogo, khomani chitsulo chogwirira pambali pa chimbudzi ndi posambira, ndipo pa masitepe a pakhomo pakhale chogwirira ndi nyali. Munthu wachikulire akathyoka fupa la m'chiuno, nthawi zambiri sayendanso ngati kale. Lamulo la pa Deuteronomo 22:8 lonena za kampanda ka padenga linaikidwa kuti mwini nyumba asakhale ndi mlandu wa munthu wogwa pa nyumba yake, ndipo ife tikuona kuti bafa loterera likulowa m'lamulo lomwelo.

Ndalama zikakhala zochepa, monga zilili kwa ambiri a ife, dongosolo limene timalangiza ndi lakuti denga lodontha ndi chinyontho ziyambe, mazenera ndi waya wake zitsatire, kenako malo ophikira ndi chimbudzi chokhala ndi posambira m'manja. Matailosi, makatani ndi masofa zidikire chaka chamawa. Katapila wa matailosi taona akusowetsa tulo mabanja amene pansi pawo pa simenti panalibe vuto lililonse.

Pomaliza kupangana ndi mmisiri, nenani poyera tsiku loyamba kuti pakhomo panu ntchito imaima Lachisanu dzuwa lisanalowe ndipo imayambanso Lamulungu kapena Lolemba. Amisiri ambiri amazolowera kugwira Loweruka, ndipo ena amakonda kuthira konkire Lachisanu madzulo. Konkire yatsopano imafuna kuthiriridwa madzi tsiku lililonse kwa sabata yathunthu kuti ilimbe. Muuzeni athire kumayambiriro kwa sabata, ndipo Lachisanu masana muinyowetse kwambiri n'kuifunditsa ndi masaka onyowa ndi pulasitiki pamwamba, kuti isunge madzi mpaka Sabata litatuluka.