Galimoto ya pa chithunzi sinyamula kachewere

Owerenga athu, mwina zimenezi mwaziona kale pa msika wa Furancungo. Anyamata a njinga zamoto akasowa wokwera, amaunjikana pa foni imodzi. Akuonera galimoto yatsopano yoyendera magetsi. Ilibe thanki ya petulo, situlutsa utsi, ndipo imayenda mwakachetechete. Wina akuti ituluka mwezi wamawa. Wina akuti idzakhala yotchipa moti mlimi wa fodya adzaigula. Winanso akulumbira kuti imachoka ku Tete mpaka ku Beira osaitchaja. Mukawafunsa kuti wanena zimenezi ndani, amayankha kuti, "Tangomva."

Ine sindikuwaseka anyamatawa. Kulakalaka chinthu chabwino si mlandu. Amene amagula petulo wa m'mabotolo tsiku ndi tsiku ali ndi chifukwa chofunira galimoto yosamwa mafuta. Koma pali phunziro limene ndikufuna kuti tiphunzire limodzi: kusiyanitsa lonjezo ndi chinthu chimene chafika m'manja. Inu amene mukuphunzira kuwerenga muli ndi chida chabwino chochitira zimenezi.

Anthu amene anagona pa mzere

Kudikira galimoto yamagetsi sikunayambe ndi ife. Ku America kuli kampani yotchedwa Tesla, ndipo mkulu wake ndi Elon Musk. Pa 31 Malichi 2016, kampaniyi inaonetsa galimoto yatsopano yotchedwa Model 3. Inati mtengo wake udzayambira pa madola 35,000. Pa ndalama zathu lero ndi mametikali oposa 2 miliyoni.

Tsiku limenelo anthu anaima pa mizere italiitali kutsogolo kwa masitolo a kampaniyi. Ena anagona pomwepo. Aliyense ankapereka madola 1,000 kuti dzina lake lilembedwe. Imeneyi ndi ndalama yokwana pafupifupi mametikali 64,000. Ambiri anapereka asanaione n'komwe galimotoyo. Pa sabata imodzi yokha, maina oposa 325,000 anali atalembedwa.

Kenako kunabwera kudikira. Anthu ankakangana za maonekedwe ake, liwiro lake ndi tsiku lotuluka, monga momwe anyamata athu amachitira pa msika. Magalimoto 30 oyamba anaperekedwa mu Julayi 2017, patatha chaka ndi miyezi inayi. Koma amene anayamba kutuluka anali okwera mtengo. Ya madola 35,000 ija inayamba kugulitsidwa mu Febuluwale 2019, patatha zaka pafupifupi zitatu.

Mu Novembala 2019 kampani yomweyo inaonetsa galimoto ina yonyamula katundu, yotchedwa Cybertruck. Inati magalasi ake ndi olimba kwambiri. Pofuna kutsimikizira anthu, wantchito wina anagenda galasi ndi mpira wachitsulo, ndipo galasilo linang'aluka aliyense akuona. Ngakhale zinatero, anthu ochuluka analembetsa ndi madola 100. Anauzidwa kuti idzayamba kupangidwa mu 2021, pa mtengo woyambira madola 39,900. Yoyamba inaperekedwa pa 30 Novembala 2023, ndipo mtengo wotsikitsitsa umene unalengezedwa tsikulo unali madola 60,990.

Pali inanso yotchedwa Roadster. Inaonetsedwa mu 2017, ndipo anati ituluka mu 2020. Olembetsa ankapereka madola 50,000. Chaka cha 2020 chinadutsa. Cha 2024 chinadutsanso, galimotoyo isanafike kwa ogula.

Tisanamizane, magalimotowa alipo ndithu

Musaganize kuti ndikunena kuti galimoto yamagetsi ndi nthano. Model 3 ija inatuluka, ndipo yagulidwa kwambiri m'maiko ambiri. Ku China kuli kampani ya BYD imene ikupanga magalimoto otere ochuluka zedi. M'chaka cha 2023, magalimoto amagetsi pafupifupi 14 miliyoni anagulitsidwa pa dziko lonse. Mwa magalimoto asanu atsopano, pafupifupi imodzi inali yamagetsi.

Kuno ku Africa nakonso zayamba. Mu 2024 boma la Ethiopia linaletsa kulowetsa m'dzikolo magalimoto ang'onoang'ono oyendera petulo ndi dizilo. Ku Uganda kampani ya boma ya Kiira Motors imapanga mabasi amagetsi. Ku Kigali, m'dziko la Rwanda, anyamata onyamula anthu pa njinga zamoto akuyendetsa njinga zamagetsi. Batire likatha sadikira kuti litchajidwe. Amapita pamalo osinthira, n'kusiya lakutha, n'kutenga lodzaza.

Choncho chinthucho chikubwera. Chimene chimasintha ndi tsiku ndi mtengo. Alimi a fodya a ku Macanga mukudziwa bwino zimenezi. Msika usanatsegulidwe, aliyense amakhala ndi mtengo wake pakamwa. Mtengo weniweni mumaudziwa belo likakwera pa sikelo ndipo giredi yalembedwa pa pepala. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Mafunso atatu musanatulutse ndalama

Amene analembetsa Model 3 anali ndi chitetezo chimodzi. Kampani inali yodziwika, ndipo pangano linanena kuti wofuna kusiya angathe kubwezeredwa ndalama yake. Nanga inu, munthu akabwera m'mudzi mwezi wogulitsa fodya kapena kachewere, n'kunena kuti, "Njinga zamagetsi zikubwera, tumizani theka la ndalama pa foni kuti mukhale woyamba," mudzatani? Mufunseni mafunso atatu awa.

Loyamba: wanena ndani? Funsani dzina la kampani, kumene kuli ofesi yake, ndi chilolezo chake chochitira malonda. Nambala ya foni si ofesi. Kanema wa pa Facebook kapena WhatsApp si umboni, chifukwa masiku ano kompyuta imatha kujambula galimoto imene kulibe.

Lachiwiri: tsiku ndi mtengo zalembedwa pati? Mawu akuti "posachedwa" si tsiku. Mawu akuti "kuyambira pa" akutanthauza kuti mtengo ungakwere. M'Chipwitikizi mudzaona "brevemente" ndi "a partir de". Mawu amenewa aphunzireni bwino, chifukwa otsatsa malonda amabisala m'menemo.

Lachitatu: chinthucho chikapanda kufika, ndalama yanga ibwerera bwanji? Yankho likhale pa pepala, losainidwa, lokhala ndi chidindo. Werengani nokha. Ngati mawu ena akukuvutani, pitani nalo kwa aphunzitsi anu a sukulu ya akulu musanasaine. Palibe manyazi pa kufunsa. Safunsa anadya phula.

Nkhaniyi ikutikhudza bwanji ife?

Mwina mukuti, "Zimenezo ndi za anthu olemera, ife tilibe nazo ntchito." Taonani pensulo imene mukulembera. Chakuda chimene chili m'kati mwake chimatchedwa grafite. Mwala womwewo ndi wofunika kwambiri popanga mabatire a magalimoto amagetsi. Dziko lathu la Mozambique lili ndi mgodi waukulu wa grafite ku Balama, m'chigawo cha Cabo Delgado. Mwini wake ndi kampani ya ku Australia yotchedwa Syrah Resources. Mu Disembala 2021 kampaniyi inapangana ndi Tesla kuti iziigulitsa grafite wokonzedwa ku fakitale yake ya ku America. Ndiye kuti nthaka yathu ili ndi mbali m'nkhani ya magalimotowa, ngakhale ife sitinawakwerepo.

Chachiwiri ndi magetsi. Galimoto yamagetsi popanda potchajira ili ngati ngolo yopanda ng'ombe. Chigawo chathu cha Tete ndicho chili ndi damu la Cahora Bassa, ku Songo, pa mtsinje wa Zambezi. Lingathe kupanga mphamvu yokwana mamegawati 2,075. Kuyambira mu 2007 gawo lalikulu la kampani yake lili m'manja mwa dziko la Mozambique. Magetsi ambiri a kumeneko amagulitsidwa ku South Africa. Pomwe inu mukudziwa bwino kuposa ine ngati waya wafika m'mudzi mwanu, kapena ngati mumayendabe mtunda kukalipira kuti akutchajireni foni pa sola.

Apa ndi pamene pali lonjezo limene ife tiyenera kulidikira ndi maso otsegula. Mu 2018 boma linakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Energia para Todos, kutanthauza magetsi kwa onse. Cholinga chake n'chakuti pofika chaka cha 2030 munthu aliyense m'dziko muno akhale ndi magetsi, kaya a waya a EDM kapena a dzuwa. Lonjezo limeneli lili ndi mwini wake ndipo lili ndi chaka chake. Choncho tili ndi ufulu wolitsatira.

Mafunso atatu aja amagwiranso ntchito pano. Ku msonkhano wa mfumu kapena wa Conselho Consultivo ya dera lanu, imirirani mwaulemu n'kufunsa: mudzi wathu uli pa ndondomeko ya chaka chiti? Adzabweretsa waya kapena sola? Kulumikiza nyumba kudzafuna ndalama zingati, ndipo tidzalipira kwa ndani? Pemphani kuti yankho lilembedwe. Lembaninso m'kope lanu tsiku la msonkhanowo ndi zimene zanenedwa. Chaka chikatha, bwererani ndi kope lomwelo. Mtsogoleri wabwino sakwiya ndi funso lotere. Amadziwa kuti anthu amene amakumbukira ndi amene amathandiza kuti ntchito ichitike.

Chimene ine ndikuyembekezera

Ndikaganizira misewu yathu ya dothi nthawi ya mvula, ndi zitunda za ku Tsangano, sindiona galimoto yonyezimira ya pa foni ija ikuyamba kufika kuno. Ndikuganiza kuti choyamba chidzakhala njinga yamoto yamagetsi, ngati za ku Kigali, kapena kagalimoto ka mawilo atatu konyamula matumba a chimanga ndi kachewere kupita ku msika. Amenewa ndi maganizo anga chabe, ndipo nanunso muwayese ndi mafunso omwe aja.

Tsiku limenelo likadzafika, musadzathamangire kukhala woyamba. Lolani wina aiyendetse dzinja limodzi lathunthu. Onani ngati ikukwera chitunda itanyamula anthu awiri. Funsani kuti batire limakhala zaka zingati, latsopano ndi ndalama zingati, ndipo makaniko wodziwa kuikonza ali kuti. Chinthu chabwino sichithawa chifukwa mwadikira miyezi isanu ndi umodzi. Koma ndalama ya fodya ya chaka chonse ikapita pa nambala yosadziwika, kawirikawiri sibwerera.

Kwa anyamata a pa msika ndikuti: pitirizani kuonera, pitirizani kukangana, ndi mmene munthu amadziwira zatsopano. Koma wina akadzati "ituluka mwezi wamawa", mmodzi wa inu atulutse pensulo n'kulemba tsikulo. Mwezi ukatha mudzaonenso.

Zokambirana m'kalasi

1. Tchulani lonjezo limodzi limene linaperekedwa m'mudzi mwanu. Analonjeza ndani, ndipo anatchula chaka chanji?
2. Pezani mawu akuti "brevemente" kapena "a partir de" pa chikwangwani, m'nyuzipepala kapena pa uthenga wa pa foni. Akutsatsa chiyani?
3. Lembani chiganizo chimodzi chimene mungafunse pa msonkhano wotsatira wa dera lanu pa nkhani ya magetsi.