FISI SALANKHULA M'MBUNA, KOMA MUNTHU SI FISI

Abale anga a m'komboni, pali aphunzitsi awiri onyenga amene atisokeretsa pa nkhani ya mirandu, ndipo lero ndifuna kuwatsutsa onse awiri.

Woyamba ndi uja akhala kumbuyo m'khoti kuonerera. Akaona woimbidwa mlandu wakhala cete, athamangira ku msika kukalengeza kuti, "Wapalamuladi! Fisi akagwa m'mbuna salankhula." Waciwiri ndi loya wa pa mowa, amene sanatsegulepo buku la malamulo. Uyu ati, "Nena kuti tsiku lija unali ku maliro ku Petauke, mboni tikupezera ndi mabotolo awiri." Onsewa ayesa kuti m'khoti muli njira ziwiri zokha, kuvomera kapena kunama. Iai! Iripo yacitatu, ndipo lamulo lomwe ndilo linaitsegula.

Malamulo akulu a Zambia a 1991, pa ndime 18, anena zinthu ziwiri. Munthu ayesedwa wosalakwa kufikira mlandu utatsimikizidwa, kapena iye mwini atavomera. Ndiponso munthu woimbidwa mlandu wa upandu sakakamizidwa kupereka umboni pa mlandu wace. Tsono Boma likatha kuitana mboni zace, woweruza akaona kuti pali coyankha, ayenera kukuuzani njira zanu. Mungathe kulumbira ndi kulankhula, ndipo wa Boma adzakupanikizani ndi mafunso. Mungathe kulankhula osalumbira, osafunsidwa, koma mau otere salemera kwambiri. Kapena mungathe kukhala cete. Amene anakugwirani ndiye asenze katundu wotsimikiza mlandu, osati inu.

Ufulu umenewu anthu anaumenyera nkhondo. Ku England m'caka ca 1637 John Lilburne anamgwira cifukwa ca mabuku oletsedwa, ndipo khoti lochedwa Star Chamber linafuna kuti alumbire kuyankha ciri conse angamfunse. Iye anakana kudzichera msampha ndi pakamwa pace. Mu 1638 anamkwapula m'miseu ya London, koma mu 1641 Nyumba ya Malamulo inathetsa khotilo. Kuno kwathu tinali ndi mwabvi: wonenedwa ufiti amwe, akafa ndiye kuti analakwa. Mwabvi ndi woletsedwa. Nanga inu amene mufuna kuti woimbidwa mlandu adziyeretse yekha, simuona kuti mukumpatsa mwabvi wina?

Mufunsa kuti, wosalakwa aopanji kulankhula? Ine ndinagwira ukalaliki pa mgodi, ndipo ndidziwa mphamvu ya pepala. Munthu alankhula Cinyanja ali ndi mantha, wina amasulira m'Cingerezi, wacitatu alemba mofulumira, ndipo mwini mau adinda cala pa zimene sanawerenge. Iye anati "ndinadutsa pafupi," pepala liti "ndinalipo." Papita miyezi isanu ndi umodzi, tsiku analiiwala, asokoneza Laciwiri ndi Lacitatu, ndipo wa Boma aimirira nati, "Onani, munthuyu ngwabodza." Ameneyo si fisi. Ndi bambo wa ana amene lilime lace lagwa m'mbuna.

Ncifukwa cace wapolisi, asanalembe mau anu pa mlandu umene akukuganizirani, ayenera kukucenjezani kuti simukakamizidwa kunena kanthu, ndi kuti cimene munganene cingakhale umboni m'khoti. Musasaine pepala asanakuwerengereni m'cilankhulo cimene mucimva. Ngati mau anaturuka cifukwa ca mbama kapena kuopsezedwa, uzani woweruza. Iye aimitsa mlandu nayamba wafufuza m'mene mauwo anatengedwera, ndipo akapeza kuti munakakamizidwa, awataya.

Tsono ndibwere kwa loya wa pa mowa. Lamulo lakupatsani ufulu wokhala cete, koma ufulu wonama silinapatse munthu ali yense. Kunama mutalumbira ndi mlandu paokha, ndipo cilango cace cifika zaka 7 m'ndende. Wogula mboni yonama nayenso alowa momwemo. Mnzanu uja mwamgulira mabotolo awiri ali ndi ana ndi lendi yolipira. Akamangidwa, loya wanu wa pa mowa adzawadyetsa kodi? Ndipo bodza siligwa pansi cabe, ligwera munthu. Mukanamizira mnansi cifukwa munakangana pa mpopi kapena pa malire a poloti, iye ataya nchito, mkazi wace agulitsa mipando, ana aleka sukulu. Wokhala cete sanapweteke munthu. Wonama wamanga mnzace ndi cingwe ca mau.

Koma musayese kuti kukhala cete ndi mankhwala a mlandu uli wonse. Ngati zoonadi munali pa nchito usiku uja, nenani msanga kwa apolisi, chulani kapitao ndi buku la maina, kuti akafufuze zisanazizire. Ngati mboni za Boma zanena zolimba ndipo inu simuyankha, mau ao aima okha opanda wowagwetsa. Cotero funsani wodziwa malamulo musanasankhe. Wopanda ndalama apite kwa a Legal Aid Board. Ndiponso ufuluwu ngwa woimbidwa mlandu. Inu amene mwaitanidwa monga mboni, ngati munaona ndi maso mwana akumenyedwa kapena malipiro a anzanu akubedwa, musabisale kumbuyo kwa "sindidziwa." Limenelo ndi bodza lobvala jekete.

Abale, tisiye kuseka munthu amene wasunga pakamwa pace, ndipo tisiye kutama wocenjera amene wapulumuka ndi mboni zogula. Mukaima m'khoti, ngati mulankhula, nenani zoona. Ngati zoonazo simufuna kuzinena, lamulo likulolani kutseka pakamwa. Koma dzanja limene mwakweza polumbira lisakwezedwe pa bodza.