Ndakhoza Bwino, Koma Mabuku Awiri Sindinawatsegule

Sabata yatha aphunzitsi athu a kosi ya Literature anatipatsa ntchito yotsekera semesita. Aliyense alembe tsamba limodzi kufotokoza mmene wakwaniritsira zolinga zisanu za kosiyi, zija zili pa pepala lomwe tinalandira tsiku loyamba. Ntchitoyi ili ndi malikisi 10. Anzanga ambiri anamaliza usiku womwewo. Ine papita masiku anayi ndikungoyang'ana pepala loyera, chifukwa zomwe ndikufuna kulemba sizingandipatse malikisi amenewo.

Chilungamo chake ndi ichi: mwa mabuku asanu a m'kosiyi, awiri sindinawatsegule n'komwe. Nthondo la Samuel Josia Ntara sindinaligwirepo m'manja. Smouldering Charcoal la Tiyambe Zeleza ndinangowerenga chidule chake cha masamba atatu chomwe chimazungulira pa gulu lathu la WhatsApp. Komatu pa mayeso a pakati pa semesita, funso lomwe ndinakhoza kwambiri linali la buku la Zelezalo. Ndinalemba za Mchere ndi Chola, za sitalaka, za ndende ndi ulamuliro wankhanza, ngati munthu amene wakhala akugona ndi kudzuka nalo bukulo. Aphunzitsi analemba m'mbali mwa pepala kuti ndaonetsa kumvetsa kozama. Ndinasangalala tsiku limodzi, kenako manyazi anandigwira.

Musafulumire kunena kuti vuto ndi ulesi wanga wokha. Ulesiwo ndauvomera, ndipo sindikuupaka mafuta. Koma taonani zolinga zomwe tinapatsidwa: kuzindikira mfundo zikuluzikulu za buku, kufotokoza makhalidwe a atengambali, kutchula nsinjiro za chiyankhulo, kulumikiza buku ndi mbiri ya nthawi yake, ndi kulemba nkhani yomveka bwino. Tandiuzani, pa zisanuzi n'chiti chomwe chimafuna kuti munthu akhale pansi ndi buku kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza? Palibe. Zonse zimapezeka m'manotsi a omwe anatsogola chaka chatha, ndipo masiku ano ChatGPT amakupatsa zonsezo madzi a tiyi asanawire. Ngati munthu angathe kukwaniritsa zolinga zonse za kosi ya mabuku osawerenga mabukuwo, ndiye kuti zolingazo zikuyeza chinthu china. Zikuyeza luso loloweza ndi lokongoletsa mawu a anthu ena.

Buku limodzi ndinaliwerengadi bwino semesita ino, ndipo ndinaliwerenga mwangozi. Foni yanga inagwera m'madzi, ndinakhala sabata ziwiri ndilibe intaneti. Usiku wina magetsi atathima ndinayatsa kandulo n'kutenga Things Fall Apart la Chinua Achebe, lija linatuluka mu 1958. Ndinkaganiza kuti ndimalidziwa, poti mayankho ake ndinawaloweza kale: mwambo kulimbana ndi chitsamunda, Okonkwo munthu wonyada. Koma nditafika pomwe Ikemefuna akuphedwa ndinaliika pansi bukulo. Mnyamatayu anakhala zaka zitatu m'nyumba ya Okonkwo n'kumamutcha bambo. Mkulu wina, Ezeudu, anabwera kudzachenjeza Okonkwo kuti asaikepo dzanja pa imfa ya mwanayo. Iye anapitabe, ndipo ndi chikwanje chake chomwe chinamaliza mwanayo, chifukwa ankaopa kuti anthu amuyesa wofooka ngati bambo ake Unoka.

Usiku umenewo sindinaganize za mfundo zikuluzikulu. Ndinaganiza za malume anga, omwe anakana kulira pa maliro a mwana wawo, n'kumakalipira azimayi kuti akusokosa, koma patapita mwezi umodzi tinawapeza atakhala okha kumunda, khasu lili pambali, osalima. Kwa zaka zambiri ndinkawaona ngati munthu wouma mtima. Achebe anandionetsa kuti mwina anali munthu wamantha. Pa tchuthi chapitachi ndinakhala nawo pakhonde nthawi yayitali kuposa kale lonse. Ndiye mundiuze, pa zolinga zisanu zija, zimenezi ndizilembe pa nambala iti?

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi mathero a buku lomweli. Okonkwo atadzimangirira, bwanamkubwa wachizungu akuona mtembowo n'kumalingalira kuti nkhani ya munthuyu ingakwane ndime imodzi yabwino m'buku lomwe akulemba. Moyo wonse wa munthu, ndime imodzi. Ife m'kalasi timamudzudzula mzunguyo, timalemba kuti akuimira kudzikuza kwa atsamunda, timalandira malikisi. Kenako timatenga Okonkwo yemweyo n'kumupanikiza m'mizere isanu ya manotsi. Tikuchita zomwe anachita bwanamkubwayo, kungoti ife tikuchitira digiri.

Ndipo ife Amalawi tinayenera kukhala omaliza kupeputsa kuwerenga. Jack Mapanje anatulutsa Of Chameleons and Gods mu 1981. Boma la Kamuzu Banda linachotsa bukuli pamaso pa anthu, ndipo mu 1987 mwiniwake, yemwe anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anamangidwa n'kukatsekeredwa ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Olemba a nthawi imeneyo ankabisa zomwe akunena m'mafanizo a bilimankhwe ndi nthano zamakolo chifukwa mawu olunjika akanawapha. Anthu ankawerenga mzere umodzi kangapo kufuna kupeza chobisikacho, ndipo a boma nawo ankawerenga ndi maso omwewo. Lero bukuli lili pa ndandanda wa kosi yathu, palibe wotiletsa, koma ife timangofunsana kuti ndakatulo iti ibwera pa mayeso. Amene ankafuna kumutseka pakamwa Mapanje ankamuwerenga mosamala kuposa ife amene timati timamulemekeza.

Ndikudziwa zomwe aphunzitsi athu angayankhe, ndipo zina n'zoona. Kalasi ndi yaikulu, mphunzitsi ndi mmodzi, ndipo popanda zolinga zolembedwa aliyense angamachonge mmene wadzukira. Zolinga zimateteza wophunzira kwa mphunzitsi wokondera. Ndikuvomera. Anzanga nawo anena kuti mabuku ndi osowa: laibulale ili ndi makope ochepa, kuchita fotokope buku lonse ndi ndalama ya ndiwo za sabata yathunthu. Izinso n'zoona, ndazikumana nazo ndekha. Koma kusowa kwa mabuku sikungathe pochita ngati tawawerenga. Tikamabisa vutoli kuseri kwa malikisi abwino, amene amagula mabuku a laibulale adzaona bwanji kuti pali vuto? Pa pepala zonse zili bwino, aliyense wakwaniritsa zolinga.

Sindikupempha kuti zolinga zichotsedwe. Ndikupempha kuti pakhale cholinga chimodzi chomwe sichingakwaniritsidwe ndi chidule. Tichepetsereni mabuku, akhale atatu m'malo mwa asanu, koma atatuwo tiwawerengedi. Pa mayeso tipatseni tsamba limodzi lotengedwa pakati pa buku, mutifunse chifukwa chake wolemba anasankha mawu awa, ndi chomwe chachitika tsambali lisanafike. Tiitaneni m'magulu a anthu asanu, mutifunse pamaso kwa mphindi khumi: ndi pati pomwe unaima, ndi ndani amene anakukwiyitsa, ndi pati pomwe sunagwirizane ndi wolemba? Munthu wosawerenga amagwidwa pa funso lachiwiri. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kosi yomwe imatithamangitsa buku limodzi pa sabata ziwiri zilizonse n'kumatifunsa ngati taona maso a nkhonoyo ikutiphunzitsa bodza.

Nkhaniyi ikundivuta chifukwa chaka chamawa ndikaimirira kutsogolo kwa ana a Fomu 3 ndi choko m'manja. Ndikapita kumeneko ndi digiri yomwe ikunena kuti ndimadziwa Nthondo, buku la m'chiyankhulo changa lomwe linatuluka mu 1933 n'kumasuliridwa m'Chingerezi ndi Cullen Young chaka chotsatira, pomwe ine mwini chiyankhulocho sindinaliwerenge, ndikawapatsa chiyani anawo? Manotsi omwewo. Iwo adzaloweza, adzakhoza, ena adzabwera kuno ku yunivesite n'kudzalemba kuti akwaniritsa zolinga zonse. Umu ndi mmene dziko limadzadzira ndi anthu amasatifiketi omwe sangathe kuwerenga kalata ya ngongole kapena lonjezo la wandale n'kuona pomwe pabisala msampha.

Choncho tsamba langa ndalilemba tsopano. Ndalemba kuti malinga ndi mmene zolingazo zinalembedwera, zonse zisanu ndazikwaniritsa. Pansi pake ndawonjezera kuti mabuku awiri sindinawawerenge, kuti funso lomwe ndinakhoza kwambiri ndinaliyankha ndi chidule, ndipo kuti chomwe ndaphunziradi semesita ino chinabwera usiku wa kandulo uja. Mnzanga wa m'chipinda wati ndapenga, ndikudzikumbira dzenje ndekha. Mwina akunena zoona, malikisi 10 si ochepa kwa munthu wodalira ngongole ya sukulu. Ndikapereka mawa m'mawa, kenako ndikadutsira ku laibulale. Akuti kope la Nthondo lomwe linabwerekedwa mwezi watha labwezedwa.