Magetsi akathima, seva isamaiwale

Kuno ku Nkhamenya magetsi akathima palibe amene amadabwa. Koma kompyuta yaikulu yosunga maina, ija timati seva, ikazima n'kuyakanso imayamba ndi malamulo amene analembedwa m'fayilo basi. Zimene katswiri anangoiuza ili chiyakire zimapita ndi mdima womwewo.

Nkhaniyi ndi yathu. Zipatala zambiri m'dziko muno zimasunga mbiri ya odwala a ma ARV m'makompyuta amene anayambitsidwa ndi bungwe la Baobab Health, ndipo pansi pake pamakhala pulogalamu ya MySQL. Tangoganizani ofesi yolembetsa alimi a fodya m'nyengo ya msika wa Chinkhoma: alembi achuluka, seva yayamba kukana ena, chifukwa MySQL mwachibadwa imalola malumikizidwe 151 okha nthawi imodzi. Katswiri amabwera pa msewu wa M1 kuchokera ku Kasungu kapena ku Lilongwe, n'kulemba SET GLOBAL max_connections = 300, zinthu n'kuyenda, iye ulendo. Usiku magetsi thi! M'mawa nambala yabwerera pa 151, mlimi amene analawirira pa njinga kuchokera kumudzi akuuzidwa kuti netiweki yavuta. Zimenezi zimandipweteka mtima, pakuti mankhwala a vutoli alipo kale.

Kuyambira pa MySQL 8.0, imene inatuluka mu 2018, pali lamulo la SET PERSIST. Limasintha nambala nthawi yomweyo, komanso limailemba m'fayilo ya mysqld-auto.cnf kuti seva ikadzuka iipeze. Zina zimene sizisinthika seva ili pa ntchito zimafuna SET PERSIST_ONLY, n'kudikira kuyatsanso. A pulogalamu ina ya PostgreSQL anatsogola mu 2014 ndi ALTER SYSTEM. Amene akadali pa MySQL 5.7, kapena pa MariaDB, njira yawo ndi kutsegula fayilo ya my.cnf n'kulemba pamanja.

Ubwino wake kwa ife akutali ndi tawuni ndi wakuti katswiri akhoza kukonza ali ku Lilongwe, osakhudza mafayilo a seva, malinga ali ndi chilolezo.

Komabe ndili ndi pempho kwa achinyamata a makompyuta. Zimene zili mu mysqld-auto.cnf zimaposa mphamvu zimene zili mu my.cnf. Mnzanu wodzabwera pambuyo panu adzasintha my.cnf, n'kuyatsanso seva, n'kupeza palibe chasintha, tsiku lonse n'kuthera pomwepo anthu ali pa mzere. Iye angafufuze mu performance_schema.variables_info, momwe mumaoneka amene anasintha ndi nthawi yake, ndipo RESET PERSIST imafafaniza zolembedwazo. Koma si onse amadziwa poyang'ana. Choncho pambali pa seva pazikhala kope wamba lolembamo tsiku, lamulo limene mwapereka ndi chifukwa chake. Ndipo musanakwere minibasi, zimitsani seva dala, muiyatsenso, muone ndi maso anu kuti 300 ija ikadalipo.