Mlendo ndi Mame: Za Chizolowezi Cholandirira Abale M'nyumba za Khofi

Akuluakulu akale adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ponena mawu amenewa ankalangiza mwini khomo kuti asanyinyirike ndi munthu amene wamuyendera, pakuti masiku ake pakhomopo ndi owerengeka, ndipo akachoka chimene chimatsala ndi mbiri ya mmene adalandiridwira. Mwambiwu unali lamulo la pakhomo, ndipo mwana aliyense ankaudziwa asanayambe n'sukulu yomwe.

Masiku ano kwabuka chizolowezi pakati pa ana ena a kumudzi amene adaphunzira nakhazikika m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe. Wachibale akaimba foni kuti ali m'njira, yankho lake limakhala lakuti: "Amalume, musavutike n'kufika kunyumba, tikumane m'tauni pamalo omwera khofi." Kunja mawuwa amamveka aulemu, ndipo woyankhulayo amadziona ngati wachita zazikulu poti akawononga ndalama zambiri. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kunena mosapsatira, kumeneku n'kumutsekera mlendo chitseko, kungoti wotsekayo watseka akumwetulira.

Kuti kuipa kwa mchitidwewu kuoneke bwino, ndi bwino kulingalira za munthu wochokera pa chilumba cha Chisi, m'nyanja ya Chilwa, m'dera la Mfumu Mkumbira ku Zomba. Munthu ameneyu amalawira m'bandakucha. Amakwera bwato lokankha ndi nsungwi, poti nyanjayi ndi yosazama, kapena boti la injini ngati ndalama ilipo, mpaka pa doko la Kachulu. Kuchoka apo pali mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuti afike mumzinda wa Zomba, ndipo akafika amayamba kusaka minibasi. Ngati akupita ku Blantyre amafika dzuwa litapendeka. Ngati ndi ku Lilongwe, tsiku lonse limathera panjira. Ndalama ya ulendowo imachokera ku nsomba zimene adagwira kapena mpunga umene adagulitsa. Munthu wotere sangavutike chonchi chifukwa cha ludzu la khofi. Chimene chamuyendetsa ndi khomo la mwana wa mlongo wake.

Mwambo wolandira mlendo uli ndi ndondomeko yake, ndipo chilichonse m'ndondomekomo chili ndi ntchito. Mlendo amaodira ali pabwalo, eni khomo n'kuvomera. Ana amathamanga kukalandira katundu, kusonyeza kuti kutopa kwake kwasanduka kwa onse. Amamuyalira mphasa kapena kumupatsa mpando pakhonde, kenaka madzi akumwa kapena chikho cha thobwa, asanafunsidwe kanthu. Akapuma, pamabwera malonje. Apa mlendo amafotokoza mmene wayendera ndi mmene wasiyira kumudzi: odwala, omwalira, obadwa, mmene madzi alili panyanja ndi mmene mbewu zachitira kumunda. Eni khomo nawo amabweza malonje awo. Pamene izi zikuchitika, kuseri kwa nyumba nkhuku imakhala ikuthamangitsidwa ndipo madzi osamba ali pamoto. Nkhani imene mlendo wadzera imadikira mpaka atadya, nthawi zina mpaka m'mawa mwake, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pobwerera amamuperekeza, atamupatsa kamba wa panjira. M'ndondomeko yonseyi mulibe pamene mlendo amauzidwa mtengo wa chimene wadya, ndiponso kumufunsa kuti abwerera liti ndi mwano waukulu.

Tsono nyumba ya khofi ndi chiyani? Zambiri mwa nyumba zotchukazi ndi nthambi za kampani imodzi, zomangidwa mofanana, za mipando yofanana ndi zakumwa zofanana kulikonse kumene zili. Mugg & Bean idayambira ku Cape Town m'chaka cha 1996, n'kufalikira m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo ku Lilongwe idatsegula nthambi pa Gateway Mall. Starbucks idayambira ku Seattle ku America mu 1971 ndipo idafika ku Johannesburg mu 2016, kumene Amalawi ambiri ogwira ntchito ku Joni adaionera. Malo amenewa ndi aukhondo, ogwira ntchito ake ndi aulemu, ndipo achinyamata ambiri amapezapo zochita. Palibe chifukwa chowanyozera. Koma ntchito yawo ndi malonda. Amagulitsa chakumwa, ndipo pamodzi ndi chakumwacho amabwereketsa mpando kwa kanthawi. Kapu ikatha, woperekera zakudya amadzafunsa mwaulemu ngati pali china chofunika, ndipo aliyense wozindikira amadziwa tanthauzo la funsolo. Mwini bizinesi salakwa potero. Wolakwa ndi amene watenga msika n'kuusandutsa khonde la nyumba yake.

Mkulu wa pa Chisi akalowa m'malo otere, zinthu zimatembenuka. Iye amene kwawo ndi mwinimbumba, woweruza milandu ya pabanja, amasanduka mwana wosadziwa pokhala. Palibe poodira, palibe womulandira katundu. Amamupatsa pepala lodzaza maina monga cappuccino, latte ndi espresso, ndipo pambali pa dzina lililonse pali mtengo. Maso ake amayamba agwera pa mitengoyo, n'kuyamba kuwerengera mumtima kuti kapu imodzi ikufanana ndi milu ingati ya matemba pa Kachulu. Chifukwa cha manyazi amasankha chotchipitsitsa, kapena kunena kuti wakhuta pamene m'mimba mukulira. Mphwake amamuitanitsira, n'kumulangiza mmene angamwere. Malonje amadulidwa pakati ndi kulira kwa foni. Pomaliza bilu imafika patebulo pamaso pa mlendo, ndipo mlendoyo amaona ndi maso ake kuti kubwera kwake kwadya ndalama zingati. Kumudzi nkhuku yophera mlendo ikhoza kuposa mtengo wa khofi uja, koma palibe amene amabwera ndi kapepala kudzamuonetsa.

Palinso nkhani ya mphatso. Munthu wa kunyanja sayenda chimanjamanja. Amanyamula phukusi la matemba ouma, milamba yowamba kapena makumba, ndi kathumba ka mpunga wa m'madambo a Chilwa. Pakhomo phukusi limeneli limalandiridwa ndi manja awiri, mayi wa pakhomo n'kugwada pothokoza, ndipo madzulo omwewo fungo lake limamveka kukhitchini. M'nyumba ya khofi phukusi lomwelo limakhala chochititsa manyazi. Limakankhidwira pansi pa tebulo, mphwake n'kumayang'ana uku ndi uku kuopa kuti anthu amva fungo la nsomba. Chonsecho nsomba zomwezo ndi zimene zidalipira fizi kuti iye afike pomwa khofi. N'zomvetsa chisoni kuti thukuta limene lidamuphunzitsa lasanduka fungo lomuchititsa manyazi.

Chachikulu koposa ndi nkhani zimene anthu a kumudzi amadzera. Mkulu sawoloka nyanja kudzacheza za mpira. Amabwera ndi nkhani za chinkhoswe, za banja limene likugwedezeka, za malire a munda, za matenda a mayi wokalamba, za kumanga chiliza. Nkhani zotere zimakambidwa motsitsa mawu, m'nyumba, mkazi kapena mwamuna wa mwini khomo ali pafupi kuti naye amve. Kuzikambira pakati pa anthu osawadziwa, nyimbo zikulira, ndiye kuziika pamtetete. Motero mkulu wanzeru amangozimeza, n'kubwerera nazo. Pambuyo pake ana a m'tauni amadandaula kuti kumudzi amagamula zinthu osawafunsa, kuiwala kuti amene adabwera kudzawafunsa adamupatsa mphindi 40 ndi kapu imodzi.

Okonda chizolowezichi ali ndi zifukwa zawo, ndipo n'koyenera kuziyankha. Choyamba amati ichi n'chitukuko, ndipo akufuna kuti akuluakulu alaweko zinthu zatsopano. Koma kwa munthu wa ku Zomba khofi si chinthu chatsopano. Mbewuyi idafika ku mishoni ya Blantyre mu 1878, itabwera ndi Jonathan Duncan kuchokera ku Edinburgh. Patangopita zaka zochepa John Buchanan adayamba kuilima ku Zomba, m'mphepete mwa mtsinje wa Mulunguzi, boma la atsamunda lisanakhazikitsidwe n'komwe mu 1891. M'zaka za m'ma 1890 khofi ndiye inali mbewu yaikulu yogulitsa kunja, moti mtengo wake udajambulidwa pa chizindikiro cha boma la nthawiyo. Itadutsa 1900 ulimiwu udalowa pansi chifukwa cha kugwa kwa mitengo, tizilombo ndi chilala, ndipo fodya, thonje ndi tiyi zidatenga malo. Amene ankalima, kuthyola ndi kusenza khofiyo pamutu anali anthu akuda a m'dziko lino, ambiri mwa iwo pofuna ndalama ya msonkho wa nyumba kapena pogwira thangata. Lero khofi wabwino akulimidwa ndi alimi ang'onoang'ono a ku Misuku, ku Phoka ndi m'mapiri a Viphya pansi pa Mzuzu Coffee, ndiponso m'minda ya ku Thyolo monga Satemwa. Choncho chakumwacho n'chakwawo kwa Amalawi. Chachilendo ndi khalidwe lolandirira wachibale pamalo olipira, ndipo si chachilendo chilichonse chimene chili chitukuko.

Chachiwiri amati nyumba za m'tauni n'zazing'ono ndipo zinthu zidakwera mtengo. Izi n'zoona, makamaka chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma chifukwa chimenechi chimadzitsutsa chokha. Ndalama ya makapu awiri ndi keke m'malo otchukawa ikhoza kugula ufa ndi ndiwo zodya banja lonse pamodzi ndi mlendo. Ndiponso amene amachita zimenezi kawirikawiri si a nyumba za chipinda chimodzi ku Ndirande kapena kwa Mtandire, pakuti amenewo mpaka lero amayala mkeka pabalaza kuti mlendo agone. Ndi a nyumba za mipanda ya njerwa, za chipinda cha alendo chimene chimakhala chotseka chaka chonse. Vuto lili pa kukula kwa mtima, pakuti nyumba sinachepepo kwa munthu amene akufunidwa.

Chachitatu amati alendo a kumudzi akafika pakhomo sachoka msanga ndipo amabwera ndi mapempho osatha. Apa pali choonadi, ndipo mwambo womwewo umadzudzula mlendo wotere. Mame amene sakamuka dzuwa litakwera si mamenso. Mlendo wodziwa mwambo amadziwa kutsazika, ndipo safika mwadzidzidzi masiku ano pamene foni zili ponseponse. Komabe mankhwala a vutoli ndi kukambirana poyera monga achibale. Kulanga alendo onse chifukwa cha ochepa osadziwa malire kuli ngati kutentha nkhokwe pofuna kupha khoswe mmodzi.

Anthu a pa Chisi ali ndi chifukwa chapadera chosungira mwambowu. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Idauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka matope ong'aluka, anthu n'kumayenda pansi ndi panjinga pamene kale pankadutsa mabwato. Nsomba zikasowa, asodzi amabalalika kupita ku nyanja zina monga Malombe ndi Chiuta, ndipo mabanja amadalira achibale a kumtunda ndi a m'tauni. M'masiku oterowo chimene chimapulumutsa munthu ndi khomo limene adalowamo kale, kumene ana amamudziwa dzina. Zimatembenukanso: ntchito ya m'tauni ikatha, kapena imfa ikafika, munthu amabwerera kumudzi komweko, ndipo okumba manda ndi ophika pamaliro ndi omwe aja adawamwetsa khofi n'kuwakweza minibasi. Akale adati kupatsa n'kuika, ndiponso lende n'kukankhana.

Otaya kwambiri pa zonsezi ndi ana obadwira m'tauni. Mwana amene sanaonepo agogo ake akulowa pakhomo, amene sanatumidwepo kukalandira katundu kapena kugwada popereka madzi, adzaphunzira kuti ulemu? Amakula akudziwa achibale pa zithunzi za pa WhatsApp, osamvapo nthano za chilumba chimene makolo awo adathawirako m'masiku a nkhondo za ukapolo. Chibale ndi fupa, sichiola, koma fupa losadziwika pamene lidakwiriridwa silithandiza munthu.

Nyumba ya khofi ikhale ndi malo ake. Ndi yabwino kwa anthu a malonda, kwa ophunzira ofuna magetsi ndi intaneti, ndi kwa abwenzi okumana mphindi zochepa. Ngakhale mkulu wa kumudzi akhoza kupita nayeko kukaona za m'tauni, koma pa tsiku lachiwiri, atagona kale pakhomo, atapereka malonje, atadya nsima ndi adzukulu ake, ndipo phukusi lake litalandiridwa ndi manja awiri. Amene akufunitsitsa kuti amalume ake alawe khofi agule paketi ya khofi wa alimi a m'dziko lino, awiritse madzi kunyumba, amwere limodzi pakhonde. Pamenepo mlimi wa ku Misuku wapindula, mlendo walemekezedwa, ndipo ana aona ndi maso awo mmene munthu amalandiridwira. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma ndi bwino kuwamvera akuluakuluwo akadali ndi mphamvu zowolokera nyanja.