Mankhwala Opanda Chizindikiro Tiwakane

Alimi anzathu, anthu ogwira ntchito m'mafakitale a ku Kanengo ali ndi zikwangwani zowachenjeza pakhoma. Ife malo athu a ntchito ndi kudimba, kumunda ndi pankhokwe, ndipo chikwangwani chathu ndi chimodzi basi: pepala lomatidwa pa botolo la mankhwala. Pepalalo likasowa, tikugwira ntchito mumdima.

Tayendani m'misika ya kuno kwa Tsabango ndi madera oyandikana nafe, ku Kawale, Biwi, Area 23, mpaka kwa Chinsapo ndi Mgona. Mupeza mankhwala opopera ndiwo atathiridwa m'timabotolo ta zakumwa, ndi tameki atamangidwa m'timapepala ngati mchere. Dzina palibe, mlingo palibe, tsiku lotha mphamvu palibe. Malondawa adakula mbozi za ntchemberezandonda zitavuta, pamene mu 2017 boma lidalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi. Ogulitsa ena akudyera mantha athu.

Amatiuza kuti "n'ngotchipa." Kutchipa kwake kuli pati mwana akamwa poyesa chakumwa? Ku chipatala cha Kamuzu Central, funso la dokotala ndi lakuti wamwa chiyani. Kabotolo kopanda dzina sikayankha.

Chizindikiro si chokongoletsera. Mzere wa m'munsi mwa pepala umanena ukali wa mankhwala: wofiira ndi poizoni woopsa kwambiri, wachikasu ndi woopsa, wa buluu ndi wofunika kusamala, wobiriwira ndi wochepa ukali koma ndi poizoni ndithu. Chigaza ndi mafupa opingasa ndi chenjezo la imfa. Tizithunzi ta magolovesi, majombo ndi chophimba kumphuno tikutiuza zovala. Pepala lomwelo limanena masiku odikira tisanathyole tomato kapena repu. Tikapopera lero n'kugulitsa mawa, tikudyetsa poizoni makasitomala athu ndi ana athu omwe.

Lamulo lilipo. Pesticides Act ya mu 2000 idakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board kuti lizilembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa. Lamulo losafika pamsika silipulumutsa mlimi. Tikupempha bungweli ndi khonsolo ya mzinda wa Lilongwe kuti aziyendera misika pafupipafupi, osati kudikira maliro. Tikuuza makampani kuti tikufuna malangizo m'Chichewa, a zilembo zowerengeka, ndi timabotolo ting'onoting'ono tosindikizidwa bwino, chifukwa mlimi wa dimba limodzi sangagule lita yathunthu. Kusowa kwa timabotolo totere ndiko kumalemeretsa othira m'mabotolo a zakumwa.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Tigule kwa wogulitsa wa chiphaso, ndipo tichione chiphasocho. Botolo lotsegulidwa kale kapena long'ambika pepala tilisiye pa shelefu. Pa mankhwala awiri opha mbozi imodzi, tisankhe ochepa ukali. M'makalabu tizisonkha ndalama, tigule botolo limodzi lenileni, tizisungunula kuchokera m'botolo lomwelo. Posungira pakhale loko ndi chenjezo lalikulu pachitseko. Botolo likatha tilitsuke katatu, madziwo tithire mu sipuleya, kenako tiliboole kuti wina asasungiremo mafuta ophikira.

Amene kuwerenga kumawavuta afunse alangizi kapena mnzawo wa mu kalabu. Safunsa adadya phula. Pa msonkhano wotsatira, aliyense abwere ndi botolo lake lotsekedwa bwino kuti tidzawerenge limodzi. Ogulitsa opanda chizindikiro adzasiya tsiku limene ife tidzasiye kugula.